Makamera osowa: kodi agulitsidwe bwanji kuti pasakhale kukondera?

Pamene kampani ya ku Japan ya Fujifilm inalengeza za kamera yake ya X100VI mu February 2024, inanenanso kuti ipanga makamera apadera okwana 1,934 okha, pokumbukira chaka cha 1934 chimene kampaniyi inakhazikitsidwa. Kamera yapaderayi imajambula chimodzimodzi ndi inzake ya wamba. Chosiyana n'chakuti inalembedwa chizindikiro chakale cha kampaniyi ndi nambala yakeyake, ndipo imabwera m'bokosi lapadera pamodzi ndi lamba wake.

Ku United States kamera ya wamba inkagulitsidwa madola 1,599 pamene yapaderayi inali madola 1,999. Dzikolo linapatsidwa makamera 300 okha, amene anaikidwa pa intaneti m'mwezi wa March. Anatha m'kanthawi kochepa, ndipo posakhalitsa ena anayamba kuoneka pa eBay pa mitengo yoposa kangapo mtengo wa kampani.

Gwero la vutoli ndi losavuta kulimvetsa. Katundu akachepa koma omufuna n'kuchuluka, mtengo umene anthu ali okonzeka kulipira umaposa umene kampani yaika. Phindu la pakatipo ndi limene limakopa anthu ogula n'cholinga chogulitsanso. Ena mwa iwo amagwiritsa ntchito mapulogalamu a kompyuta amene amamaliza kugula munthu asanathe n'kulemba komwe dzina lake. Dziko la United States lili ndi lamulo la mu 2016 loletsa mapulogalamu otere, koma limakhudza matikiti a zochitika monga masewera ndi zoimbaimba, osati makamera.

Ogula atadandaula, Fujifilm inathetsa maoda amene inawakayikira ndipo makamera amene anabwezedwawo inawagulitsa pochita maere. Ku Britain, kumene mtengo unali mapaundi 1,934, ogula anasankhidwanso mwa maere.

Njira iliyonse ili ndi chilema chake. Kugulitsa kwa amene wayamba kufika kumakomera wa intaneti yothamanga kapena wokhala pafupi ndi sitolo. Kukweza mtengo kumachotsa phindu la ogulitsanso, koma kumasiya katunduyo m'manja mwa olemera okha. Maere amapatsa aliyense mwayi wofanana, komabe wogulitsanso angathe kulowa nawo, mwinanso ndi maina angapo. Palinso funso la kagawidwe pakati pa maiko, poti amene amakhala m'dziko lopatsidwa gawo lochepa amakhala ataluza malonda asanayambe n'komwe.

Nkhaniyi ndi yosiyana ndi ya makamera akale amene anasowa chifukwa cha kutha kwa zaka. Mu June 2022, kamera ya Leica ya m'chaka cha 1923, yomwe inali ya Oskar Barnack amene anayambitsa makamera a Leica, inagulidwa pa mayuro 14.4 miliyoni pa okushoni mumzinda wa Wetzlar ku Germany. Pa okushoni onse amadziwa lamulo lake: wotchula mtengo waukulu ndiye atenge.

Koma makamera 1,934 aja anasowa chifukwa kampani ndiyo inasankha kupanga ochepa. Choncho udindo wowagawa mwachilungamo ulinso m'manja mwake: kulengeza malamulo malonda asanayambe, kulola kamera imodzi pa munthu, ndi kutsimikiza kuti wogulayo ndi munthu weniweni. Kupanda kutero, wojambula amene wakhala akugula katundu wa kampaniyo kwa zaka zambiri ndiye amabwerera chimanjamanja.