Momwe mungajambulire wailesi ya pa intaneti kuti mudzamvere nthawi ina

M'zaka za makaseti, munthu akafuna kusunga nyimbo kapena sewero la pawailesi ankaika kaseti ya mphindi 60 kapena 90 m'wailesi, n'kudina mabatani awiri nthawi imodzi. Makaseti adapita, koma vuto lomwe ankathetsa likadalipo: pologalamu yomwe munthu amaikonda imaulutsidwa iye ali kuntchito, ali m'minibasi kapena ali kudera komwe netiweki imavuta.

Masiku ano nyumba zoulutsira mawu zambiri, kuphatikizapo MBC, Zodiak ndi BBC World Service, zimamvekanso pa intaneti. Mawu amenewa ndi otheka kuwajambula pakompyuta, kuwasunga ngati fayilo, n'kudzawamvera pafoni ya m'manja, pa MP3 player kapena pakawailesi kolowa memori khadi, popanda intaneti. Izi zimathandizanso Amalawi okhala kunja, monga ku London, komwe nthawi imasiyana ndi ya kuno ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Kujambula n'kosiyana ndi kupanga dawunilodi

Nyimbo yomwe ili kale pa intaneti ndi fayilo yathunthu, ndipo netiweki ikakhala yabwino imalowa m'foni m'kanthawi kochepa. Wailesi siili choncho. Mawu ake amabwera pang'onopang'ono monga madzi a pampopi, ndipo foni imawataya ikangowaseweretsa. Kujambula ndiko kutchera ndowa pampopipo. Choncho pologalamu ya ola limodzi imatenga ola lathunthu kuti ijambulidwe, ndipo zomwe zidaulutsidwa musadayambe kujambula simungazipeze.

N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwafufuza ngati wailesiyo imaika mapologalamu ake akale patsamba lake la pa intaneti kapena ngati podcast. Ngati imatero, palibe chifukwa chojambulira. Komanso ngati wailesiyo imamveka pa FM kwanuko, mafoni ambiri okhala ndi wailesi ya FM ali ndi batani lojambulira, ndipo njira imeneyi siidya bandulo ngakhale pang'ono.

Bandulo imatha bwanji?

Ena amaganiza kuti kujambula kumapulumutsa bandulo. Zoona zake n'zakuti ola limodzi lojambula limadya data yofanana ndi ola limodzi lomvera. Phindu limabwera pawiri: mungajambule pamalo pomwe pali Wi-Fi kapena nthawi yomwe bandulo ndi yotsika mtengo, ndipo zomwe mwajambula mungazimvere kangapo osalipiranso.

Kuchuluka kwa data kumadalira liwiro lomwe wailesiyo imatumizira mawu, lomwe limayezedwa m'ma kbps. Wailesi ya 128 kbps imatumiza makilobayiti 16 pasekondi iliyonse, omwe ndi pafupifupi 58 MB pa ola. Ya 64 kbps imadya theka lake, pafupifupi 29 MB. Izi zikutanthauza kuti bandulo ya 1 GB ikhoza kujambula maola pafupifupi 17 pa 128 kbps, ndipo memori khadi ya 8 GB ikhoza kusunga maola oposa 130. Pa nkhani, zokambirana kapena ulaliki, 64 kbps imamveka bwino lomwe. Liwiro lapamwamba limafunika makamaka pa nyimbo.

Zofunika pojambula

Choyamba ndi adiresi yeniyeni yomwe mawu akutulukira, yomwe nthawi zambiri imasiyana ndi adiresi ya tsamba la wailesiyo. Mawailesi ambiri amagwiritsa ntchito makina otchedwa Shoutcast kapena Icecast, omwe adayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Patsamba lawo pamakhala kafayilo kothera ndi .pls kapena .m3u. Kafayiloka kalibe mawu alionse, kamangosunga adiresiyo, ndipo mungaione mukakatsegula mu Notepad. Ambiri amalakwitsa apa: amakopera kafayiloka m'memori khadi, kenaka n'kumadabwa kuti sikakulira.

Chachiwiri ndi chojambulira. Chodziwika kwambiri ndi VLC, yomwe ndi yaulere ndipo imapangidwa ndi bungwe la VideoLAN la ku France. Pakompyuta ya Windows, pitani pa Media, sankhani Open Network Stream, n'kuikamo adiresi ija. Wailesi ikayamba kulira, pitani pa View n'kusankha Advanced Controls. Pamenepo pamaoneka batani lofiira. Mukalidina koyamba limayamba kujambula, mukalidinanso limasiya. Nthawi zambiri fayiloyo imakapezeka mufoda ya Music.

Palinso Streamripper, yomwe imatha kudula nyimbo iliyonse payokha ngati wailesiyo imatumiza maina a nyimbo pamodzi ndi mawu. Wailesi yomwe imangolira patsamba lake osaonetsa adiresi mungaijambule ndi Audacity, yomwe imatola mawu onse otuluka m'kompyuta. Koma apa pafunika kusamala, chifukwa kabelu ka uthenga kakalira mkati mwa pologalamu kamalowanso momwemo.

Fayilo ikakana kulira

Tiwailesi tambiri totsika mtengo tolowa memori khadi kapena fulashi timawerenga MP3 mosavuta, pomwe mawailesi ena a pa intaneti amatumiza mawu m'mtundu wa AAC. Fayilo yotere imalira bwino pakompyuta ndi pafoni zamakono, koma pakawailesi imatha kukana. Mankhwala ake ndi kuisintha kuti ikhale MP3, ndipo VLC yomweyo imachita zimenezi mukasankha Convert/Save. Zipangizo zina zakale sizimawerenganso memori khadi yoposa 32 GB, motero khadi yaing'ono ndiyo yodalirika.

Mdani wina ndi kuthima kwa magetsi komanso kuduka kwa netiweki. Intaneti ikaduka, mawu a nthawi imeneyo amatayika ndipo sabwereranso. Ndi nzeru kutchaja laputopu ndi foni pasadakhale, kuletsa kompyuta kugona yokha, komanso kuyamba kujambula patatsala mphindi zingapo, poti mawu a pa intaneti amafika mochedwerapo poyerekeza ndi a pa FM. Fayilo iliyonse muziipatsa dzina lokhala ndi tsiku ndi mutu wa pologalamu, apo ayi pakatha mwezi mudzasowa poyambira.

Malire a lamulo

Nyimbo ndi mapologalamu a pawailesi zili ndi eni ake. M'dziko muno umwini wa ntchito za luso umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amalidziwa kuti Cosoma, ndilo limatolera ndalama za oimba ndi aluso ena. Kujambula pologalamu kuti mudzamvere nokha panyumba ndi nkhani ina. Kuika nyimbozo m'mamemori khadi n'kumagulitsa pamsika, kapena kuzifalitsa m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo, ndi kudya thukuta la woimba ndipo kukhoza kumuika munthu m'mavuto ndi lamulo. Mawailesi ena amalembanso patsamba lawo zomwe amalola ndi zomwe salola, choncho ndi bwino kuwerenga.

Amene akuyesa koyamba asayambire pa pologalamu yomwe akuifunitsitsa. Ajambule kaye mphindi zisanu za pologalamu ina iliyonse, aike fayiloyo m'chipangizo chomwe akufuna kudzamverera, n'kutsimikiza kuti ikulira bwino. Mphindi zisanu zimenezi zimadya data yosakwana 5 MB, ndipo zikhoza kupulumutsa bandulo ya ola lathunthu.