Kulandira Mlendo pa Masewera a pa Intaneti

Masiku ano ana ena amapikisana pa foni kapena pa kompyuta ndi anthu amene sanaonanepo nawo. Pa masewera a League of Legends, amene anayamba mu 2009, ndi a Dota 2, a mu 2013, anthu asanu amalimbana ndi anzawo asanu. Mmodzi akalakwitsa, gulu lonse likhoza kugonja. Ichi ndicho chifukwa chake wongoyamba kumene amatukwanidwa kawirikawiri. Wotukwanayo sachita manyazi, pakuti amabisala m'dzina lopeka.

Mwana wotukwanidwa amachita mantha, nalakwitsanso koposa. Wina amakhala wokwiya, mwinanso kusowa tulo.

Eni masewerawa analiona vutoli. Mu 2012 kampani ya Riot Games, mwini wa League of Legends, inayamba kulola osewera kuyamikira anzawo aulemu ndi othandiza. Masewera onse awiriwa alinso ndi njira yotsekera mawu a munthu wamwano ndi kumuneneza kuti alangidwe.

Inu makolo, m'funseni mwana wanu mmene anzake amamulankhulira, ndipo aigwiritse ntchito njira imeneyi. Ngati iye ndiye katswiri, m'kumbutseni kuti nayenso anali mlendo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.