Musanagule nyumba yakale, funsani amene akugona m'katimo

Kuwerenga: Yeremiya 32:6-15

Ife amene takalambira pa lendi mumzinda wa Zomba timadziwa mmene mtima umakhumbirira tikamadutsa ku Mulunguzi, ku Kalimbuka kapena ku Mangasanja. Nyumba zake ndi zakale, za njerwa zowotcha, zamakhonde otakasuka, zina zili ndi powothera moto m'miyezi ya June ndi July pamene chisanu chimatsika m'phirimo. Zambiri zinamangidwa mzinda uno ukadali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Kumunsi, ku Matawale ndi ku Ndola, kuli zing'onozing'ono, zina zogundizana. Madzi anafika kale, magetsi alipo, msika ndi tchalitchi zili pafupi, ndipo mango ndi mapeyala amene tingadye anabzala ndi anthu amene sitinawaone nkhope.

Tikamva kuti imodzi ikugulitsidwa, mafunso athu amakhala odziwikiratu. Timaitana mmisiri akwere kudenga aone ngati chiswe chinadya mitengo. Timagogoda zipupa, timafufuza mapaipi adzimbiri, timaonetsetsa kumene madzi amvula amalowera, pakuti mzinda umene unaona Napolo mu December 1946 suchita chibwana ndi madzi ochokera m'phiri. Ochenjera amafikanso kukhonsolo kukamva za ngongole ya msonkho, ndi kuofesi ya zamalo kukaona zaka zotsala pa lizi. Zonsezi ndi nzeru, ndipo sitikuzinyoza ayi.

Koma lilipo funso lina limene kawirikawiri timalilumpha, mwina chifukwa choopa yankho lake.

Banja lina la mumpingo mwathu linasunga ndalama kwa zaka zambiri, bambo atapuma ntchito n'kuwonjezerapo za penshoni. Linapeza nyumba yabwino pamtengo wotsika modabwitsa. Wogulitsa anali munthu waulemu, wodziwa kulankhula, koma wachangu kwambiri. Tsiku lokaiona, mayi wa m'banjali analowa kukhitchini n'kupeza mayi mnzake atakhala pansi, mphika uli pambaula, ana awiri akulemba za kusukulu pamkeka. Wogulitsa uja anati ameneyu ndi mlamu wake, ndipo atuluka mwezi ukatha. Koma amayi akakumana kukhitchini sasowa chokambirana. Zinadziwika kuti mwini nyumbayo anamwalira chaka chathachi osasiya wilo, ndipo wogulitsayo anali mng'ono wa malemuyo. Mayi wamasiyeyo sanafunsidwe kanthu. Anangouzidwa kuti ayambe kulongedza.

Usiku umenewo m'banjamo munalibe tulo. Bambo ankati iwo sakulanda munthu, akugula ndi ndalama za thukuta lawo, ndipo akaisiya wina aigula mawa lomwe. Sitikuwaweruza, pakuti ambirife tikadanena zomwezo. Mayi ankangofunsa kuti adzagwada bwanji kupemphera m'chipinda chimene mnzawo watulukamo akulira.

Apa ndi pamene mneneri Yeremiya amatithandiza. Iyenso anagulapo malo, ndipo anagula nthawi yoipitsitsa: ankhondo a ku Babulo atazinga Yerusalemu, iye mwini ali m'ndende m'bwalo la alonda, m'masiku a mfumu Zedekiya. Hanameli, mwana wa mbale wa atate ake, anabwera kudzamuuza kuti agule munda wa ku Anatoti. Timakonda kulalikira za chiyembekezo chimene chili m'nkhaniyi, ndipo ndi zoona, pakuti Mulungu ankalonjeza kuti m'dzikomo anthu adzagulanso nyumba ndi minda. Koma taonani kagulidwe kake. Mundawo unabwera kwa Yeremiya chifukwa ndiye anali ndi ufulu wouwombola, kuti cholowa chisatuluke m'banja. Anayesa masekeli 17 a siliva pasikelo. Analemba kalata, naitana mboni. Makalata anali awiri, yomata ndi yosamata, ndipo anawapereka kwa Baruki anthu onse akuona, kuti asungidwe mumbiya yadothi masiku ambiri. Munthu wa Mulungu, ali ndi mawu a Mulungu m'makutu mwake, sanaone ngati kulemba makalata ndi kuchepa chikhulupiriro. Panalibe chochitikira mseri, ndipo panalibe wa m'banjamo amene akadadzidzimuka nazo.

Lamulo la dziko lathu nalonso silili chete. Kuyambira mu 2011 tili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Kukhala mbale wa malemu sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa nyumba. Pamafunika chikalata cha kukhoti chomulola kuyendetsa chumacho. Wogula amene sapempha kuchiona angathe kutaya ndalama ndi nyumba yomwe. Komabe tinene mosabisa kuti zikalata zikhoza kuoneka zolongosoka nkhani ili yokhota. Loya adzatiwerengera mapepala, koma kulowa kukhitchini n'kupereka moni ndi udindo wathu.

Banja lija silinagule. Mmalo mwake, mayi uja ndi anzake a chigwirizano anaperekeza mayi wamasiyeyo kuofesi ya bwanamkubwa, ndipo nkhani inatenga miyezi, ndi mawu owawa ambiri pakati pa abale. Lero akadali m'nyumba yake. Zipinda zakuseri amachititsa lendi kwa ophunzira a pa yunivesite ku Chirunga, ndipo ndi zimene zikulipirira ana sukulu. Banja la mumpingo mwathu likadali pa lendi ku Chinamwali. Ndalama zawo zija zinachepa mphamvu kwacha itagwa mu November 2023, moti nyumba yamtundu umenewo sangaikwanitsenso. Bambowo akamadutsa pamsewu uja amachepetsabe liwiro, n'kuyang'ana khonde.