Anthu a kumbuyo kwa kamera ku Lusaka

Mwana wa ku Chelstone akamaliza Giredi 12 n'kunena pakhomo kuti akufuna kukaphunzira zopanga mafilimu ku yunivesite, funso limene amakumana nalo silisintha. Bambo amayamba ayika kaye foni pansi, kenaka n'kufunsa kuti, “Iwe, ukamaliza zimenezo adzakulemba ntchito ndani?” Mwana amati akuluakulu sadziwa kumene dziko likupita. Koma funsolo ndi la nzeru, ndipo anthu amene ali kale m'ntchitoyi amadzifunsa lomwelo mwezi ukamatha.

Malo ophunzirira alipo, ndipo ambiri ali m'njira ya minibasi yochoka ku Chelstone kulowa m'tauni. Ukadutsa Munali umafika pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo ili ndi dipatimenti ya zofalitsa nkhani kumene ophunzira amagwirako kamera, maikolofoni ndi makompyuta okonzera zithunzi. Mkati mwa tauni muli Evelyn Hone College ndi ZAMCOM. Maphunziro a kamera m'masukulu onsewa muzu wake ndi utolankhani. Amatulutsa munthu wodziwa kufunsa nduna mafunso, kujambula msonkhano ndi kulumikiza nkhani ya mphindi zitatu yoti iwulutsidwe madzulo. Limenelo ndi luso ndithu, koma ndi losiyana ndi lopeka anthu amene kulibe, kuwapatsa mavuto, n'kuchititsa mayi wotopa ndi ntchito kuiwala ndiwo pamoto chifukwa chofuna kuona mathero ake.

Chimene chinayandikira kwambiri sukulu yeniyeni ya mafilimu chinabwera mu 2018, pamene kampani ya MultiChoice inatsegula masukulu atatu a MultiChoice Talent Factory ku Lagos, Nairobi ndi Lusaka. Ya ku Lusaka inakhala pa ZAMCOM, mogwirizana ndi University of Zambia, ndipo woyamba kuitsogolera anali Berry Lwando. Maphunziro ake poyamba anali a miyezi 12, olipiriridwa zonse, koma malo ndi a anthu 20 okha pa chaka, ndipo anthu 20 amenewo sachokera ku Zambia kokha. Muli a ku Malawi, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Angola ndi Mozambique. Mwana wa ku Chelstone amalimbirana mpando ndi wa ku Ndirande ndi wa ku Bulawayo. Amene makolo ake ali ndi thumba lozama amamutumiza ku South Africa, ku sukulu monga AFDA, kumene digiri ya mafilimu imatenga zaka zitatu ndipo ndalama zake zimalipidwa m'marandi. Mabanja ambiri a ku Chelstone ndi Kabwata, amene amadalira malipiro a m'boma kapena penshoni, nkhani imeneyo amangoimva.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa mayina amene timanyadira sanadzere pakhomo la digiri ya mafilimu. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, anayamba waphunzira za bizinesi ku Birmingham, kenaka zochita sewero ku London, asanapange I Am Not a Witch mu 2017, filimu imene inamupezetsa mphoto ya BAFTA chaka chotsatira. Mu 2024 analandiranso mphoto ya utsogoleri wa filimu ku Cannes ndi On Becoming a Guinea Fowl. Ku Malawi, Shemu Joyah wa Seasons of a Life ndi The Road to Sunrise ntchito yake yoyamba ndi yoyeza malo. Amene anapitadi kusukulu ya mafilimu ndi Musola Cathrine Kaseketi, yemwe anakaphunzira ku Johannesburg, nabwerera kudzapanga Suwi ndi kuyambitsa chikondwerero cha mafilimu cha Shungu Namutitima ku Livingstone. Koma pa mafilimu awiri a Nyoni aja pali mfundo imene ophunzira ayenera kuilingalira: onse anajambulidwa ku Zambia, ndi osewera ambiri a konkuno, koma mkulu wa kamera anali David Gallego wa ku Colombia. Pamene ndalama zili zambiri, mipando yapamwamba ya luso imapitabe kwa alendo.

Nanga amene ali pansi pano amadya chiyani? Amadya maukwati. Loweruka lililonse ku Lusaka kuli ukwati, kitchen party, chilanga mulilo kapena matebeto, ndipo masiku ano palibe banja lofuna mwambo wopanda kamera. Pamwamba pa izo pali maliro a anthu olemera, misonkhano ya matchalitchi, mavidiyo a oimba, malonda a makampani, ndi timafilimu ta mabungwe othandiza anthu tosonyeza mjigo watsopano kumudzi. Mnyamata amene anabwereka ndalama n'kugula kamera imodzi, magalasi ake awiri ndi laputopu, ameneyo ndi kampani yathunthu. Drone amachita kubwereka kwa mnzake pa tsiku. Loweruka amaima kuyambira m'mawa mkwatibwi akudzola mpaka usiku alendo akuvina, ndipo Lolemba amakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya makolo, makatani atatseka, akusefa zithunzi za maola khumi kuti zitsale ola limodzi. Magetsi akathima, monga anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, amadzuka pakati pa usiku pamene abwera. Kenaka foni imalira: “Ba editor, azakhali a mkwati sakuoneka bwino, awonjezereni.” Theka la malipiro ake limene linatsala limadikira mpaka azakhaliwo aoneke.

Ena amanyoza ntchito imeneyi kuti ndi pisiweki chabe. Ine sindiinyoza. Munthu amene wajambula maukwati kwa zaka zingapo amadziwa kuwerenga kuwala kwa m'tchalitchi cha mawindo ochepa, amadziwa kuti mphete ikalowa pachala sibwerezedwa, ndipo dzanja lake silinjenjemera. Zimene sadziwa ndi zina, tifikako.

Ntchito yokhazikika pang'ono ili m'masewero a pa wailesi yakanema. Akuluakulu amakumbukira Kabanana, imene inkasonkhanitsa mabanja pa ZNBC kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndiponso Banja ya pa Muvi TV. Zinthu zinasintha kwambiri tchanelo cha Zambezi Magic chitatsegulidwa pa DStv mu 2015 n'kuyamba kugula masewero opangidwa konkuno. Zuba, nkhani ya mtsikana wochoka kumudzi kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera mu Lusaka, ndi Mpali ya Frank Sibbuku, yonena za mlimi wamitala Nguzu ndi akazi ake, zinapatsa anthu ambiri chinthu chimene sanachionepo m'ntchitoyi: kudzuka tsiku ndi tsiku kupita kumalo amodzi kwa miyezi yambiri, malipiro akubwera.

Amene sanafikepo pamalo ojambulira amaganiza kuti pamakhala wosewera, wa kamera ndi bwana wofuula. Kunena zoona pamadzaza anthu moti nyumba ya zipinda zitatu imachepa. Pali wamagetsi ndi nyali zake, wonyamula ndi kumanga zoimikira kamera, wodzola osewera, wosunga zovala, wokonza chipinda kuti chioneke ngati cha munthu wosauka kapena wolemera, wophika, dalaivala, ndi mnyamata wothamangitsidwa kukagula mabatire. Pali wothandiza dairekitala, amene ntchito yake ndi kudana ndi aliyense chifukwa cha nthawi. Ndipo pali mtsikana (kawirikawiri amakhala mtsikana, sindidziwa anagamula ndani) wokhala pakona ndi kope, amene amalemba kuti kapu inali kudzanja lamanzere, tiyi anali theka, ndolo zinali zofiira. Chithunzi chimene woonera amachiona ngati mphindi imodzi mwina chinajambulidwa Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo akalakwitsa iyeyo, mayi amalowa m'khitchini ndi duku n'kutulukamo alibe.

Koma munthu amene ndimamumvera chisoni ndi wa mawu. Tayerekezani nyumba ya ku Chelstone imene yabwerekedwa kuti ajambuliremo. Mwamuna waima pa mpando, manja ali m'mwamba, wagwira ndodo yaitali ya maikolofoni pamwamba pa mitu ya osewera, mahedifoni ali m'makutu. Dairekitala akuti tiyambe. Wosewera wayamba kulira bwinobwino, misozi yeniyeni. Pomwepo wowotcherera mageti kuseri kwa mpanda wayatsa chopalira zitsulo. Akamupepesa n'kumupatsa ya drinki kuti adikire, tambala wa aneba wayamba. Tambala akatopa, ndege yopita ku bwalo la Kenneth Kaunda ikudutsa, ndipo jenereta imene ikuyatsa nyali zawo zomwe ikung'ung'udza pansi pa zonsezi. Wa mawu akakweza dzanja kuti tibwereze, onse amamuyang'ana ngati mfiti. Dairekitala amati, “Mudala, tidzakonza pa kompyuta, dzuwa likupita.” Sizikonzeka. Woonera amakhululuka chithunzi chakuda pang'ono, koma mawu akamamveka ngati akuchokera m'chidebe amasintha tchanelo. Komabe pa achinyamata amene amalota za mafilimu, ofuna kukhala wa mawu ndi owerengeka. Aliyense akufuna kukhala dairekitala, pamene wa mawu waluso sakhala sabata osaitanidwa.

Apa ndi pamene ndimaona phindu la sukulu, ndipo phindulo si kamera. Kamera munthu amaiphunzira pa YouTube ndi pa maukwati aja. Chimene pamalo ojambulira sangakupatse ndi nthawi. Kumeneko palibe amene angakhale nawe pansi kukufotokozera chifukwa chake chigawo chachiwiri cha nkhani yako chafooka, chifukwa aliyense akuthamangitsana ndi dzuwa. Kusukulu yabwino umalemba nkhani, anzako n'kuing'amba, n'kuilembanso, mphunzitsi n'kukufunsa kuti munthu uyu akufuna chiyani ndipo akumuletsa ndani. Umaonera mafilimu a Ousmane Sembène wa ku Senegal ndi ena amene sukanawapeza wekha. Umapanga filimu yoipa popanda kuluza ndalama za munthu. Kusowa kwakukulu m'mafilimu athu ndi olemba. Sewero lotuluka kangapo pa sabata limameza masamba ochuluka zedi, ndipo olemba akatopa amathawira ku zomwe zija: mwana wa kunja kwa banja, chuma cha masiye, apongozi ankhanza, munthu wouka kwa akufa.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Sikiripiti zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, chifukwa ndi chimene wolemba anaphunzira kulemba ndiponso chimene wogula amawerenga. Zikafika kwa osewera, iwo amazitembenuza pomwepo kuti zilowe m'Chinyanja cha m'tauni kapena Chibemba, ndipo nthawi zambiri mawu amene oonera amakabwereza mumsika ndi amene wosewera anapeka yekha, osati a papepala. Anthu anakonda anthabwala Bikiloni ndi Difikoti chifukwa ankalankhula ngati anthu a pa siteshoni ya basi. Sukulu imene ingaphunzitse mwana kulemba zokambirana m'chilankhulo chimene anthu ake amakanganiramo, kuyambira pa tsamba loyamba, idzakhala yachita chinthu chimene makamera okwera mtengo sangachite. Nzeru imeneyi si yachilendo pa University of Zambia. Gulu la zisudzo la Chikwakwa, limene linayambira pomwepo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, linkatenga masewero kupita nawo kumidzi m'zilankhulo za eni ake.

Nkhani ya Malenga Mulendema ikusonyeza kulemera kwa cholembera. Iye anapambana mu 2015 pa mpikisano wa nkhani wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo mu 2023 katuni yake Supa Team 4, ya atsikana anayi a mu Lusaka wam'tsogolo, inatuluka pa Netflix. Zojambula zake zinapangidwira kunja, koma nkhani inachokera kuno. Chaka chomwecho Can You See Us? ya Kenny Mumba, yochokera pa moyo wa woimba wachialubino John Chiti, inakhala filimu yoyamba ya ku Zambia kulowa pa Netflix.

Phunziro lina limene digiri iyenera kukhala nalo, ngakhale ophunzira amagona likamaphunzitsidwa, ndi la mapangano ndi ndalama. Ogwira ntchitoyi ambiri alibe kalata ya ntchito. Amaitanidwa pa WhatsApp usiku, amalipidwa pa tsiku kapena pa chigawo, ndipo sewero likatha kapena likaimitsidwa amabwerera ku maukwati. Mwambo wa m'mayiko ambiri ndi wakuti tchanelo chikalipira kuti sewero lipangidwe, umwini wake umakhala wa tchanelocho, choncho wolipanga sadyanso kanthu likabwerezedwa. Nyumba zoonetsera kanema mu Lusaka ndi zochepa, zili m'mashopu akuluakulu, ndipo filimu ya kuno imadzaza holo usiku woitsegulira, pamene abale ndi anzawo avala masuti, kenaka n'kupereka malo kwa za ku Hollywood. Ogula akuluakulu ndi ochepa kwambiri, moti chisankho cha mu ofesi ina ku Johannesburg chimatha kukhudza lendi ya wodzola osewera wa ku Kabwata. Kuyambira mu 2025 MultiChoice yomweyo ili m'manja mwa Canal+ ya ku France, ndipo anthu a kumbuyo kwa kamera ku Lusaka akudikira kuona kuti eni atsopanowa azigula masewero angati a kuno pa chaka.