Matenda a impso amabwera mwakachetechete

Inu amene mumagwira ntchito m'migodi ya golide ku Eiffel Flats, ku Chakari kapena m'madera ozungulira Chegutu, kodi munayezetsapo impso zanu? Ambiri amene ndimawafunsa amayankha kuti, "Asisitala, ine sindikumva kupweteka paliponse." Vuto lagona pomwepo. Impso zimatha kutaya mphamvu yoposa theka mwini wake akulowabe mu mgodi tsiku ndi tsiku. Mapazi ndi nkhope zikamayamba kutupa, mkodzo kuchita thovu, thupi kuyabwa ndi chakudya kusakoma, ndiye kuti matendawa apita kale patali.

Impso zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera. Zimasefa magazi usana ndi usiku ndi kutulutsa zoipa kudzera mu mkodzo. Zikafooka kwa miyezi yoposa 3, timati munthuyo ali ndi matenda a impso okhalitsa. Nthawi zambiri gwero lake ndi BP ndi matenda a shuga.

Koma ntchito yanu ili ndi zakenso. Pansi pamatentha, thukuta limatuluka lambiri, ndipo ena amatha shifiti yonse osamwa madzi okwanira. Poweruka msana ukuwawa, munthu amagula brufen kapena diclofenac n'kumameza ngati mtedza. Mapiritsi amenewa m'thupi louma madzi amavulaza impso kwambiri, ndipo ine ndimawaopa chifukwa aliyense amawaona ngati osaopsa. Kwa amene mumachita chikorokoza, utsi wa mercury powotcha golide umalowa m'mapapo n'kukafika ku impso. Ukawotchera pakhomo, amayi ndi ana amaupumanso. Likodzo losachizidwa ndi zitsamba zosadziwika mlingo zimawononganso impso. Ngati mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir musasiye, koma pemphani kuti aziyeza impso zanu.

Kuyezetsa kwake

Pitani ku kiliniki ya pa mgodi, ku Kadoma General Hospital kapena ku chipatala cha boma cha Chegutu kamodzi pa chaka. Pemphani kuti ayeze BP, shuga, mkodzo ndi magazi. M'magazi amayang'ana creatinine, n'kupeza nambala yotchedwa eGFR. Nambalayi ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi 3, impso zafooka. Ikatsika pansi pa 15, zatsala pang'ono kulephereratu. Ilembedwe m'khadi lanu, ndipo muziidziwa pamtima.

Mukapezeka nawo

Impso yowonongeka sibwerera mwakale, koma matendawa angathe kuchedwetsedwa zaka zambiri. Imwani mankhwala a BP monga enalapril tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino. Mchere usapose supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, kuwerengera ndi wa mu kapenta wouma ndi supu wa m'mapaketi. Amayi ophika, apa tikudalira inu. Siyani fodya. Msana ukawawa imwani panado. Za kuchuluka kwa madzi akumwa funsani adokotala, pakuti amene wayamba kutupa amauzidwa kuchepetsa.

Impso zikalephereratu, chotsala ndi makina otsuka magazi, dialysis, maola 4 kawiri kapena katatu pa sabata. Mu 2018 boma la Zimbabwe linalengeza kuti chithandizochi chikhala chaulere m'zipatala zake. Komabe kuchoka ku Kadoma kukafika ku Parirenyatwa ku Harare ndi makilomita pafupifupi 140. Werengerani ya basi, ndi masiku amene simulowa ntchito.

Amene mukukonza zopita kumudzi ku Malawi, kaya pa tchuthi kaya kukapuma, tengani khadi lanu ndi mankhwala okwanira ulendo wonse. Kumeneko makina otsuka magazi ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, koma odikira ndi ambiri. Musananyamuke, pemphani adokotala akulembereni kalata yosonyeza eGFR yanu yomaliza ndi mayina a mankhwala amene mukumwa.