Cheza Chochiza Khansa ndi Kakulidwe ka Mafupa a Mwana

Kale mwana wa kwa Mposa, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akatupa mimba ndi khansa ya impso, ulendo wake unali wa ku chipatala cha boma ku Liwonde, kenaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko ankalandira mankhwala ndi opaleshoni basi, pakuti makina owotcha chotupa ndi cheza, chithandizo chimene madokotala amachitcha radiotherapy, kuno kunalibe. Oŵerengeka okha ndiwo ankatumizidwa kunja. Makina oyamba anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 1 chipatala choyima pachokha m'chaka cha 2024, ndipo mu 2025 boma linatsegula ake ku Lilongwe. Tsono nkoyenera kuti makolo adziŵe zimene cheza chimenechi chimasiya m'thupi la mwana amene wachira.

Alimi a mpunga akudziŵa kuti phesi limatalikira pa mfundo. Fupa la mwana nalonso silitalika paliponse ayi. Limakulira kumapeto kwake, pamene pali kachichereŵechere kofeŵa. Cheza chimapha khansa chifukwa chimawononga tizigawo ta thupi timene tikuchulukana mofulumira, ndipo kachichereŵechere kaja kali m'gulu lomwelo. Kakapsa, fupa limakula pang'onopang'ono kapena kulekeratu, pamene linzake la mbali ina likupitirira. Mwendo umodzi ukhoza kufupika. Mafupa a msana akaombedwa mbali imodzi yokha, msana umapindika. Nchifukwa chake madokotala masiku ano amaomba fupa lonselo mofanana, kuti ngakhale lichepe, likule loongoka. Cheza cha kumutu chili ndi vuto lakelake: chimafooketsa kachiwalo ka pansi pa ubongo kamene kamalamula thupi lonse kukula.

Mwana akachepa msinkhu, chiwonongeko chimakula. Madokotala a ku Manchester, ku Mangalande, analengeza mu 1987 kuti mwana woombedwa msana wonse ali ndi chaka chimodzi amataya pafupifupi masentimita 9 a msinkhu wake, wa zaka 5 amataya 7, ndipo wa zaka 10 amataya 5 ndi theka.

Kodi pamenepa kholo likane chithandizo? Kutalitali. Khansa yosiyidwa imapha, pamene mwendo wofupika umakonzeka ndi nsapato yokwezedwa kapena opaleshoni. Ndiponso si khansa iliyonse imene imafuna cheza: ya Burkitt, yotupitsa nsagwada, imene yavutitsa ana ambiri kuno kwathu, imachizidwa ndi mankhwala.

Chovuta chenicheni ndi nthaŵi. Amayi amaleka kupita ndi mwana ku sikelo akakwana zaka 5, koma zipsera za cheza zimabisala kufikira mwanayo atayamba kutha msinkhu, anzake akusefukira iye akutsalira. Apo nkuti aliyense ataiŵala za Blantyre kapena Lilongwe, ndipo ena amafulumira kuganizira anansi za ufiti.

Choncho sungani buku lake la kuchipatala pouma, ndipo pemphani dokotala alembemo malo amene anaombedwa ndi kuchuluka kwa cheza. Kamodzi pa chaka muyezeni pa khoma, ataimirira ndiponso atakhala pansi, chifukwa kufupika kwa msana kumaoneka bwino mwana atakhala. Mukaona phewa limodzi latsika, kapena akuyenda motsimphina popanda bala, pitani naye ku chipatala chaching'ono cha kwanu, buku lija lili m'manja.