Kalembedwe ka mayina a TeX ndi LaTeX

TeX ndi LaTeX ndi mapulogalamu a pakompyuta osanjira zolemba kuti zisindikizidwe, makamaka mabuku a masamu ndi sayansi. Mayina awo amalembedwa m'njira ziwiri. M'mabuku osindikizidwa zilembo zina zimatsitsidwa kapena kukwezedwa, koma pamalo amene zilembo sizingasunthidwe, monga mu imelo, amangosakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Chiyambi chake

Donald Knuth wa ku Stanford University anatulutsa TeX koyamba mu 1978. Dzinali linachokera ku zilembo zitatu za Chigiriki, tau, epsilon ndi chi, zomwe ndi chiyambi cha mawu otanthauza luso. N'chifukwa chake X wa kumapetoyo satchulidwa ngati wa Chingerezi, ndipo anthu ambiri amangoti "tek". Knuth anatsitsa E pansi pang'ono pa mzere n'kuyandikitsa zilembo zonse zitatu. Anachita izi pofuna kusonyeza kuti ntchito ya pulogalamuyi ndi kusanja zilembo, komanso kuti isasokonezedwe ndi TEX, pulogalamu ina ya kampani ya Honeywell. Iye analangiza kuti pamene E sangatsitsidwe, azilemba e wamng'ono.

Leslie Lamport atapanga LaTeX kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatsatira mwambo womwewo: A ndi wamng'ono, wokwezedwa ndipo amalowa pang'ono m'malo a L. Mtundu wa mu 1994, wotchedwa LaTeX2e, unawonjezera epsilon kumapeto. Pa dzina la XeTeX, E woyamba amayang'ana kumanzere.

Momwe dzina limapangidwira

Wolemba sasuntha zilembozi yekha. Amalemba lamulo lakuti \TeX kapena \LaTeX, ndipo pulogalamu imamanga dzinalo mofanana paliponse m'bukumo. Pa \TeX, E amakokeredwa kwa T ndi 0.1667 em n'kutsitsidwa ndi 0.5 ex, kenako X amakokeredwa kwa E ndi 0.125 em. Miyeso ya em ndi ex imatengera kukula kwa zilembo zomwe zikugwiritsidwa ntchito, choncho dzinalo limakula pamutu wa nkhani n'kuchepa m'mawu a m'munsi.

Komabe manambalawa anasankhidwa poyang'ana zilembo za Computer Modern, zomwe Knuth anazipanga yekha. Pa zilembo za mtundu wina, E amatha kugundana ndi T kapena kutalikirana naye. Zida zowonjezera monga metalogo ndi hologo zinapangidwa pofuna kuthandiza pa mayina otere.

Mavuto ake

Vuto lomwe ongoyamba kumene amakumana nalo ndi la mpata. TeX imameza mpata wobwera pambuyo pa dzina la lamulo, moti mawu otsatira amamatirira ku dzinalo. Polewa zimenezi amalemba \LaTeX{} asanasiye mpata.

Vuto lalikulu limabwera dzina likachoka patsamba losindikizidwa. Munthu akakopera dzinali mu fayilo ya PDF, nthawi zambiri amapeza LATEX, chifukwa zilembo zonse ndi zazikulu ndithu, kungoti zinasunthidwa. Mawu amenewa pa Chingerezi amatanthauza utomoni wopangira mphira, ndiye wowerenga wosadziwa pulogalamuyi akhoza kusokonezeka. Pamndandanda wa mitu umene umaoneka pambali pa PDF, zilembo sizingakwezedwe kapena kutsitsidwa n'komwe, choncho pamafunika kalembedwe wamba kaja.

Dzina la Unix

Si TeX yokha imene ili ndi mbiri yotere. Mabuku a malangizo a ku Bell Labs ankalemba Unix m'zilembo zazikulu zochepetsedwa msinkhu. Dennis Ritchie anafotokoza kuti gulu lawo linali litangopeza makina atsopano osanjira zilembo ndi pulogalamu ya troff, ndipo linatengeka ndi kutha kupanga zilembo zotero. Dzinali si chidule cha mawu ena, koma The Open Group, bungwe lomwe ndi mwini wa chizindikiro cha malondacho, limalilemba kuti UNIX mpaka pano.